Khola Lachitatu

Thumba la chakudya cha nkhuku lakweranso.
Thongdi wa pasitolo ku Ban Phai sanandiyang'ane n'komwe,
anangoloza mtengo wake ndi mlomo,
ine n'kubweza ndalama zanga m'kachikwama,
n'kupalasa njinga yopanda katundu
pakati pa minda ya mpunga yodikira mvula.

Nkhululu zanga sizimva za kudula kwa zinthu.
Zili m'makola atatu a simenti kunsi kwa nyumba,
m'mapanga a makatoni oikamo mazira,
zikwizikwi, zonse kukamwa yasa.

Kuchigayo, Somkhit anandipimira madeya a mpunga
ndi chitini chakale cha penti.
Ndinawasefa kawiri,
poti kakamwa ka nkhululu sikalimbana ndi mankhusu.
Khola loyamba ndinalipatsa madeya okhaokha.
Zinadya ndithu, koma zinakula monyinyirika,
ndipo usiku wina ndi tochi m'manja
ndinapeza zazikulu zikudya mwendo wa mng'ono wawo.
Njala ili ndi mitundu:
ina imakhalapo mbale ili yodzaza.

Khola lachiwiri ndinalilimira ndekha.
Masamba a chinangwa ndinawayanika tsiku lathunthu
kuti ululu wake uthawe ndi dzuwa,
kholowa wa m'madzi ndinakazula kudziwe la njati
matope akundilanda nkhwaira,
mitu ya nsomba zouma yomwe amayi ankataya
ndinaisinja n'kuisakaniza ndi madeya aja,
dzanja limodzi pa manja asanu.
Namfon, mwana wanga, ankalemba zonse
kumasamba otsala a kope la masamu:
tsiku, muyeso, zakufa zingati.

Koma khola lachitatu.
Pamsika panali mulu wa makoko a kabichi,
obiriwira, onenepa, opanda kabowo n'kamodzi komwe,
ndipo mwini wake anati, tengani, n'zaulere.
Ndinadzaza dengu ndikuimba.
Sindinadzifunse kuti tsamba lokoma chotere
mbozi inalilambalala bwanji.

M'mawa mwake chinandidzutsa si phokoso.
Mbali imodzi ya nyumba inali zii.
Ndinatsika makwerero ndili chosavala kuphazi,
ndinatukula katoni yoyamba, yachiwiri,
zonse zili chagada, timiyendo m'mwamba,
zina zikunjenjemerabe ngati zikufunsa.
Masiku makumi atatu ndi anayi ndinawasesa ndi tsache.
Sindinapatse ngakhale abakha.
Ndinakumba kuseri kwa nthochi,
Namfon n'kulemba mawu amodzi okha: zonse.

Chiyambire tsikulo tsamba lililonse ndimalitembenuza.
Ndimafuna lodyedwadyedwa, lazipsera,
lomwe chiwala chalawa n'kuchoka chamoyo.
Ndimafuna kudziwa dzina la amene analithirira,
ndi zomwe zinali m'mpope wake.
Anzanga pamsika amati ndayamba matama,
ndikusankhira tizilombo ndiwo ngati mlendo wa ku Bangkok.
Ndimangoseka. Sanamvepo kachetechete uja.

Sabata yomaliza ndi ya dzungu.
Ndimalidula mapandemapande, lofiira ngati mkanjo wa amonke,
n'kuliyala pa makatoni dzuwa likupendeka.
Pofika m'mawa latsala khungu lokha, lopyapyala ngati pepala.
Dzungu limatsuka m'mimba fungo la nsomba,
limasiya kafungo ka mtedza ndi mafuta achikasu.

Lamduan, wokazinga pamsika wausiku, wabwera ndi sikelo yake.
Wakazinga zisanu pomwepo, ndi tsamba la ndimu,
watafuna maso ali chitsinzire,
sananene kanthu, wangowonjezera ndalama ya chitsulo pamwamba pa zapepala.

Khola lachitatu ndalitsuka ndi phulusa.
Ndaikamo mbale za mankhusu otentha zodzaza mazira,
ndafunditsa chiguduli chonyowa.
Pakatha masiku khumi mudzatuluka tinthu tonga nyerere,
tosadziwa za Thongdi, tosadziwa za kabichi.
Dzungu lawo ndabzala dzulo
kumpanda, pomwe ndimaliona ndili pakhonde.